Tsiku limene ndinachotsa makhadi pakhoma

Ana inu, tasenderani kuno. Mwayi, foniyo iike patebulo, ilibe miyendo, siithawa. Tadala, pita m'chipinda mwanga ukatenge envulopu yachikasu imene ili pansi pa matayi. Ayi, mulibe maswiti. Muli tizidutswa ta makatoni basi, koma ndikufuna mutione ndisanaiwale chimene ndinatisungira.

Dzulo ndinakumvani mukuseka kukhitchini. Munkayesa ndagona pampandopa. Akuti agogo afunsa katatu konse kuti lero ndi lachingati. Munalakwitsa masamu, ndinafunsa kanayi, kungoti kachinayiko ndinafunsa mphaka. Sekani, sindikukuletsani. Inenso ndinkaseka okalamba pa zinthu ngati zomwezi.

Inu mumandidziwa ngati nkhalamba yokhalira kukumbatira hitala, yovala masokosi awiriawiri. Komatu ine ndinali hedimasitala, ku sukulu ina ya pulayimale kumapiri a ku Ntcheu. Ndikangotsokomola pakhonde, kalasi yonse inkati zii. Wotchi ya sukulu inali imodzi, ya pamkono pangapa, ndipo ikafa tinkayang'ana mthunzi wa mtengo wa bulugamu. Mthunzi ukafika pa mwala umene tinaupaka laimu, mwana ankathamanga kukamenya belu, ndipo belulo linali chitsulo cha gudumu la lole chopachika pa nthambi. Bolodi ikayera tinkaipaka makala osinja pamodzi ndi masamba a mbatata. Inu mukadandaula kuti intaneti ikuchedwa, ndimangokuyang'anani.

Za nthawi kwathu sitinkavutika nazo. Munthu ankanyamuka tambala woyamba, n'kufika dzuwa lili paliwombo. Pasipoti yanga imati ndinabadwa pa 1 Januwale, koma limenelo ndi tsiku limene anangondipatsa kalaliki atatopa ndi kufunsa. Amayi anga ankangodziwa kuti ndinabadwa chimanga chikumasula, mvula itawatsekereza kumunda. Ndiye keke imene mumandidulira chaka chilichonse ija ndimadya mwaulemu chabe, mwina ndimadya ya munthu wina.

Kuno ku Leicester anayamba kubwera ndi malemu agogo anu aakazi, anaPhiri, atapeza ntchito ya unamwino. Ine ndinawatsatira ndi masuti atatu ndi chikwama cha masatifiketi, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti Angerezi akangomva Chingerezi changa andipatsa sukulu yoti ndiyendetse. Anandipatsa magolovesi ndi epuloni. Ntchito inali yoyenda khomo ndi khomo, kusambitsa okalamba, kuwaphikira tiyi, kuonetsetsa kuti amwa mankhwala. Ndinakhala mwezi wathunthu ndikuuza anzanga akumudzi pafoni kuti ndili mu dipatimenti ya zaumoyo. Silinali bodza kwenikweni.

China chimene ndinazindikira msanga n'chakuti kuno imvi si ulemu. Kwathu imvi zikatuluka, anthu amayamba kukupatsa mpando wakutsogolo ndi chiwalo chabwino cha nkhuku. Kuno zikatuluka, amayamba kukufunsa ngati msana wako ungathe kunyamula munthu. Ndiye ndinayamba kupaka tsitsi mankhwala akuda, ogula pa msika waukulu uja wa m'tauni. AnaPhiri ankati ndikuoneka ngati nsapato ya wapolisi.

Mmodzi mwa anthu amene ndinkawasamalira anali a Dieter, a ku Braunstone, dera la muno mu Leicester. Anali Mjeremani. Anabwera kuno ali mnyamata kudzakonza makina m'fakitale yoluka masokosi, n'kukwatira mkazi Wachingerezi, n'kukhaliratu. Pamene ndinkawadziwa mkaziyo anali atamwalira, iwo ali okha m'nyumba yaing'ono yokhala ndi mtengo wa maapulo kuseri. Mtengowo anaudzala ndi manja awo chaka chimene mwana wawo wamkazi, Karen, anabadwa. Karen ankakhala ku Loughborough, ankabwera Loweruka.

A Dieter anadwala sitiroko. Miyendo inachira, manja anachira, koma Chingerezi chimene anayankhula moyo wawo wonse chinayamba kuwathawa. Chinkatsala ndi Chijeremani cha paubwana, chimene ngakhale mwana wawo sankachidziwa. Mawu a zinthu zogwirika ankawapezabe, monga kapu, chitseko, nsapato. Amene anawathawiratu ndi mawu a nthawi. Dzulo, mawa, sabata yamawa, zaka zawo, zonsezo zinkangosokonekera. Ukawafunsa, ankatsegula pakamwa, n'kutuluka mawu Achijeremani, kenako n'kumenya tebulo ndi chibakera chifukwa cha mkwiyo.

Tsiku lina ndikupukuta shelefu ndinapeza kabuku kakale kothothoka chikuto, kamene anabwera nako kuchokera kwawo. Tsamba lililonse linali ndi mizere iwiri, uku Chijeremani, uku Chingerezi. Tsamba lina linali la masiku, masabata ndi zaka, ndipo lotsatira linali la misinkhu ya munthu kuyambira khanda mpaka nkhalamba. Ana inu, mphunzitsi akaona munthu wosadziwa ndi buku pamalo amodzi, magazi amathamanga. Tsiku lomwelo ndinatsegula sukulu ya mwana mmodzi, wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu.

Makhadi ndi amenewa. Ndinkadula makatoni a konifuleki, n'kukopera m'kabukumo, pamwamba Chijeremani, pansi Chingerezi. Taona aka, Tadala, masiku asanu ndi awiri. Kankakhala pafupi ndi ketulo, ndipo pambali pake tinkapanapo pegi yoyanikira zovala. M'mawa uliwonse, madzi akamawira, a Dieter ankasuntha pegiyo kuitsitsa tsiku limodzi. Aka kolembedwa fortnight kankakhala pachitseko chakuseri, chifukwa bini ya zinyalala za m'munda ankaitenga pakatha masabata awiri. Aka ka toddler kankakhala pansi pa chithunzi cha Karen ali kamwana kongoyamba kuyenda, ndipo ka teenager pansi pa china ali ndi tsitsi longa chisa cha mpheta. Ka decade tinakamata pafupi ndi zithunzi zisanu za pa makwerero, chilichonse chojambulidwa patatha zaka khumi za ukwati wawo. Pa galasi la m'bafa panali kolembedwa zaka zawo.

Ndinkawaphunzitsa ngati Sitandade 3. Supuni inali ndodo yolozera. Ndikati, "Again," iwo ankabwereza, ndikati, "Louder," ankakweza mawu mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anafunsa ngati tayambitsa tchalitchi. Anasiya kunditchula dzina, ankangoti Headmaster. Kunena zoona, kuyambira pamene ndinatsika ndege, m'nyumba imeneyo ndi mmene ndinadzimvanso kuti ndine munthu.

Tsiku lina tikuwerenga misinkhu ya munthu, anandiloza pachifuwa, kufunsa kuti nanga ine ndili pati. Ndinatola khadi la middle-aged, la anthu a pakatikati, ndi nkhope yosaseka. Tsoka ilo, m'mawa umenewo mvula inali itandinyowetsa pa siteji ya basi. A Dieter anapititsa chala pa kolala ya shati yanga yoyera, n'kundionetsa. Chala chinali bii. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kutola khadi la elderly, la okalamba, n'kundipana nalo pa jekete ndi pegi. Ine ndinaseka nawo mokakamiza, kenako ndinatanganidwa ndi mbale, n'kuiwala. Ndinakwera nalo basi mpaka m'tauni. Mtsikana wina anawerenga, n'kuimirira, n'kundipatsa mpando. Ndinakhala, ndikudzitama mumtima kuti ana a kuno ayamba kuphunzira mwambo.

Ndiye Loweruka lina Karen anandikokera pakhonde, maso ali ofiira. Anati bambo ake anasiya chitofu choyaka kawiri, ndipo iye sakugonanso tulo. Anati pakatha masabata awiri kubwera mayi wina woona za okalamba, adzawafunsa mafunso, aone ngati angapitirize kukhala m'nyumba mwawo kapena apite ku nyumba yosungirako okalamba. A Dieter anamva. Madzulo ake anandigwira mkono, n'kunditengera pawindo, n'kuloza mtengo wa maapulo uja. Ndinamva kuti sakufuna kuusiya.

Tsono tamverani uchitsiru wa agogo anu. Kwa munthu amene wakhala hedimasitala zaka zonse zija, mlendo wobwera ndi fayilo kudzafunsa mafunso ndi woyesa mayeso, palibenso china. Ndinawonjezera maphunziro. Ndinkawapatsa mayeso oyeserera Lachisanu, n'kuchonga ndi cholembera chofiira. AnaPhiri ataona ndikukonza mafunso patebulo anati, "Bambo a Chisomo, bwanji osayamba mwafunsa ku ofesi kuti mayiyo akufuna kudzaona chiyani?"

Ndinati, "Mayi, inu dziwani za jakisoni. Za mayeso ndisiyireni ine."

Anangoti, "Chabwino, aphunzitsi." Agogo anu akanena kuti aphunzitsi, ndiye kuti akudikira kuti ugwe. Paja safunsa anadya phula.

Kwathu kuli lamulo limene mphunzitsi aliyense amalidziwa ngati dzina lake. Mayeso akayandikira, zonse za pakhoma zimachoka. Mapu, matchati a masamu, chithunzi cha chigoba cha munthu, zonse timamatula, bolodi n'kupukuta. Woyang'anira mayeso akapeza kapepala pakhoma, sukulu yonse yachita manyazi, ndipo hedimasitala ndi amene amayankha mlandu. Ine pa nkhani ya likasa, timapepala tobisa mayankho tija, ndinalibe chisoni. Ndinkasecha ana mpaka m'masokosi.

Tsiku la mlendo linali Lachitatu. Ndinalawirira ndi basi yoyamba. A Dieter ali m'bafa, ndinazungulira nyumba yonse kumatula makhadi, pa ketulo, pachitseko, pa makwerero, pansi pa zithunzi. Atatuluka ndinalowa n'kuchotsanso la pagalasi. Onse ndinawaika m'chikwama mwanga n'kutseka zipi. Ndinayang'ana makoma ali mbee, mtima wanga n'kukhala pansi, ndikuti apa palibe amene angatinene zachinyengo. A Dieter ndinawaveka tayi yanga yabwino.

Analowa kukhitchini monga mwa masiku onse. Anayatsa ketulo, dzanja n'kupita lokha pamene pankakhala pegi. Linagwira khoma. Anasisita pamalopo, n'kutembenuka kuyang'ana pachitseko, kenako pa makwerero. Anandiyang'ana ine. Ndinati, "Today is exam," ndikumwetulira ngati munthu wochita zanzeru. Belu la pakhomo linalira nthawi yomweyo.

Mayiyo anali wodekha, wovala nsapato zafulati, wa msinkhu ngati wa amayi anu panopa. Anakhala patebulo la kukhitchini, Karen pambali pake. Ine ndinaima kumbuyo kwawo, manja kumsana, ngati woyang'anira mayeso weniweni. Anayamba ndi kucheza, kenako anafunsa a Dieter kuti lero ndi lachingati. Iwo anayang'ana khoma la pa ketulo. Linali mbee. Anawafunsa zaka zawo. Kunatuluka Chijeremani. Analoza chithunzi cha Karen, n'kufunsa kuti pamenepa mwanayu anali wamkulu bwanji. Iwo anafufuza ndi maso pansi pa chithunzicho, pamene pankakhala khadi. Cholembera cha mayiyo chinkangoyenda.

Thukuta linanditsika. Ndipo ine, amene ndinkasecha ana m'masokosi, ndinatsokomola kuti andiyang'ane, n'kuimika zala zitatu kumbuyo kwa mutu wa mayiyo, kuti Lachitatu. Nzeru zanga zonse sizinandiuze kuti kuwerenga masiku ndi zala n'kwathu, kumene Lachitatu limanena lokha kuti ndi lachitatu. A Dieter anayang'ana zalazo, n'kuyang'ana nkhope yanga, ngati akuona wamisala. Mayiyo anationa tonse pa galasi la uvuni.

Kenako a Dieter anaimirira. Anayankhula Chingerezi chomveka bwino kuposa chilichonse chimene ndinawamvapo mwezi umenewo. Anati nyumba ino si yawo. Anati akufuna kupita kwawo.

Karen anagwira pakamwa n'kuyamba kulira. Pa mawu onse amene munthu wofuna kukhala m'nyumba mwake anganene pamaso pa mlendo wotero, amenewa ndiwo anali oipitsitsa. Ndinadziwa pomwepo kuti si matenda amene anayankhula. Ndinali nditawabera nyumba yawo m'mawa umenewo, n'kuitsekera m'chikwama.

Mayiyo anaika cholembera pansi. Anali ataona timadontho ta zomatira tobiriwira pakhoma lonse. Anandifunsa mwaulemu kuti pamenepa pankakhala chiyani. Ndikanatha kunena kuti zithunzi. Lilime linafuna kutero, chifukwa ndinkaopa ntchito yanga, ndiponso manyazi a hedimasitala wogwidwa ndi likasa si ochepa. Koma ndinayang'ana a Dieter ataima pakati pa khitchini yawo ngati mlendo, atavala tayi yanga. Ndinatsegula chikwama, n'kukhuthulira makhadi onse patebulo. Ndinati ndine amene ndinalemba, ndine amene ndinamata, ndipo ndawachotsa kuti mayeso akhale achilungamo. Ndinapempha kuti ngati pali chilango chigwere ine, mkuluyu alibe mlandu.

Mayiyo anatola khadi limodzi, n'kulitembenuza, n'kuona tambala wa pa katoni ya konifuleki. Anati, "Bambo, ine sindinabwere kudzaona zimene ali nazo m'mutu mokha. Ndabwera kudzaona mmene amakhalira m'nyumba muno tsiku ndi tsiku. Munthu woyendera ndodo sitimulanda ndodo kuti tione ngati amayenda."

Ndinatambasula dzanja kuti ndiyambe kumata, koma anandiletsa. Anakankhira mulu wonse kwa a Dieter.

Ana inu, zimene ndinaona sindidzaiwala, ngakhale nditaiwala dzina la mphaka. Mkulu uja anatola makhadi limodzilimodzi. Fortnight anapita nalo pachitseko chakuseri, n'kuloza bini, n'kunena kuti sabata yamawa. Toddler anakalimata pansi pa chithunzi chake, n'kuyang'ana Karen, n'kunena mawuwo mokweza monga ndinawaphunzitsira. Decade pa makwerero. Sanaphonye ngakhale limodzi. Pomaliza anatenga la masiku. Pegi inali ikadali pa Lachiwiri, pamene anaisiya dzulo lake. Analimata pafupi ndi ketulo, n'kuyatsanso ketuloyo, n'kutsitsa pegi kamodzi. Anawerenga Chijeremani chake kaye, kenako anatembenukira mayi uja n'kunena kuti, "Wednesday."

Patebulo panatsala khadi limodzi, la elderly. Mayiyo anafunsa kuti nanga ili limakhala pati. A Dieter anatenga pegi ina m'dengu, n'kubwera kwa ine. M'mawa umenewo ndinali nditapaka tsitsi kawiri polemekeza mlendo, ndipo thukuta lija linali litatsitsa mizere yakuda mpaka m'khosi. Anandipana nalo pachifuwa. Karen anaseka misozi ili m'masaya, mayi uja anabisa nkhope mu fayilo. Ine ndinaima nji, ndipo ulendo uno sindinalichotse.

Potuluka ndinamutsatira mayiyo pakhonde kumufunsa kuti mkuluyu wapeza malikisi angati. Anandiyankha kuti kulibe malikisi. Mpaka lero sindimvetsa dziko loyesa munthu popanda malikisi. Koma kalata itabwera, inati a Dieter akhalebe m'nyumba mwawo, chitofu asinthe aike chozima chokha, ndipo wowasamalira azibwera m'mawa ndi madzulo. Munalinso mzere wonena kuti makhadi asachotsedwe. AnaPhiri anauwerenga mzere umenewo katatu mokweza, akudya. Mankhwala a tsitsi ndinataya mu bini sabata yomweyo.

A Dieter anathyola maapulo a mtengo wawo nyengo zina ziwiri. Chingerezi chinapitiriza kuchoka pang'onopang'ono, mpaka chakumapeto tinkangomvana ndi manja, iwo Chijeremani, ine Chichewa, chifukwa ndinaona kuti palibe chifukwa chovutikira ndi chiyankhulo cha eni ake tonse awiri. Anamwalira pa bedi lawo, windo la kumtengo lili lotsegula. Pa maliro Karen anandipatsa envulopu iyi.

Tsono mukudabwa kuti ndakusungirani nkhani yaitali chonchi chifukwa chiyani, pamene mpira wayamba kale pa TV. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sabata yatha ndinapita kukatenga mankhwala anga a shuga. Ndinamufotokozera mtsikana wa pakauntala zonse bwinobwino, iye akungondiyang'ana. Nditamaliza ndi pamene ndinazindikira kuti ndayankhula Chichewa kuyambira moni. Chingerezi chija ndinkanyadira, chimene ndinakwapulira ana a eni kuti achidziwe, chayamba kulongedza katundu. Ndipo amayi anu ndinawamva pafoni Lolemba, atatseka chitseko, akupangana ndi munthu tsiku lobwera kudzandiona. Sindikuwakwiyira. Chisomo ndi mwana wabwino, amachoka ku shifiti atatopa n'kudzapeza bambo ake aika tiyi mu firiji.

Mlendoyo sindikumuopa. Chimene ndikuopa ndi china. AnaPhiri anapita. Amayi anu amakhala kuntchito. Masana m'nyumba muno mumakhala inu awiri, ndipo ine ndikati muli bwanji, mumati fine. Mumamva, ndikudziwa, koma kumva kwanu kuli ngati kwa munthu wosuzumira pawindo. Tsiku limene Chingerezi chidzandithere, ndidzaima pakati pa khitchini yathu ndikuyankhula, inu mukundiyang'ana ngati mtsikana wa pakauntala uja. Zimenezo ndiye zimandisowetsa tulo.

Mwayi, tenga cholembera. Pa khadi la masikuli pali malo kumanja, a Dieter sangadandaule. Pafupi ndi Monday lemba Lolemba. Eya, L wamkulu, usandichititse manyazi. Tikamaliza masiku tipita ku misinkhu, khanda, mnyamata, namwali, mpaka tifike pa ine. Mudzamata nokha, pa ketulo, pachitseko, pagalasi. Chichewacho n'changa, kuti ndizidziwa pamene ndili. Koma muziwerenga ndinu mokweza m'mawa uliwonse musanapite kusukulu, ndipo ndikati bwerezani, muzibwereza.

Mlendo uja akadzagogoda ndi fayilo yake, wina asadzayerekeze kukonza m'nyumba. Ngakhale nditakulamulani ndi mawu a uhedimasitala, musadzachotse kanthu pakhoma.

Tadala, pita panja ukatenge pegi pa chingwe. Ukabwera undiuze kuti lero ndi lachingati, ndipo undiuze m'Chichewa. Usaope kulakwa, ine sindingakugwire, paja tsikulo nanenso sindikulidziwa.